Amalonda a ku Manchester ndi Mtengo wa Buledi

M'mizinda yaikuru monga Ndola, Kitwe ndi Lusaka muli bungwe limene dzina lace limveka kawirikawiri pa wailesi, makamaka pa nthawi imene Boma lilengeza misonkho yatsopano. Pa Cingelezi alicha Chamber of Commerce, ndiko kunena bungwe la amalonda a mzinda umodzi. Anthu ambiri akamva dzinali aganiza za akuru obvala majekete amene asonkhana m'hotela kudya ndi kumwa. Kudyako kulipo ndithu, koma sindiyo nchito yace. Nchito yace ndiyo kutenga dandaulo la mwini sitoro, la mwini fakitale ndi la mwini magalimoto onyamula katundu, kuliyesa ngati liri loona, ndi kukalitula kwa iwo amene ali ndi mphamvu yosintha malamulo.

Anchito a m'migodi sangabvutike kumvetsa cinthu cotere, pakuti iwonso anaona m'caka ca 1949, pamene anapanga bungwe lao limodzi motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, kuti mau a anthu zikwi amveka kumene mau a munthu mmodzi safika. Koma pali kusiyana. Anchito akakana kulowa pansi, monga anacitira kwa masabata atatu m'caka ca 1952, mkuwa uleka kuturuka ndipo eni mgodi amva kuwawa. Mwini sitoro akatseka citseko cace, wotaya ndarama ndi iye mwini. Cifukwa cace bungwe la amalonda limenya nkhondo yace ndi zida zina: msonkhano, kalata yopempha, ziwerengero zocokera m'mabuku a malonda, ndi kusatopa. Bungwe loyamba la mtundu uwu linapangidwa ku Marseille, doko la ku France, m'caka ca 1599. Koma m'mene zida izi zigwirira nchito zioneka bwino m'mbiri ya bungwe la ku Manchester, mzinda wa kumpoto kwa England.

Manchester unali mzinda wa nsaru. Thonje linali kucokera ku America, kutsikira pa doko la Liverpool, ndi kulowa m'mafakitale kumene amuna, akazi ndi ana omwe anali kulipota ndi kuliomba kuyambira mbandakuca kufikira usiku. Nsaruzo zinali kugulitsidwa m'maiko onse. Amalonda a mzindawo anapanga bungwe lao m'caka ca 1820, ndipo anali nalo cifukwa cabwino, pakuti mzinda waukuru cotere unalibe munthu wace-wace woulankhulira m'Nyumba ya Malamulo ku London kufikira caka ca 1832. M'Nyumbamo munadzala eni minda yaikuru, anthu amene cuma cao cinali kucokera ku lendi imene alimi a tirigu anali kuwalipira.

Eni minda amenewa anapanga lamulo m'caka ca 1815 lakuti tirigu wa maiko ena asalowe m'dziko kufikira mtengo wa tirigu wa kwao utakwera kufika masheleni 80, ndiwo mapaundi anai, pa muyeso umodzi. M'caka ca 1828 analisintha, nalola tirigu wakunja kulowa koma pa msonkho umene unali kukwera pamene mtengo wa kwao unatsika. Colinga cinali cimodzimodzi: tirigu akhale wodula kuti lendi isatsike. Kwa munthu wa m'fakitale buledi anali monga iriri nsima kwa munthu wa kuno. Caka cimene zokolola zinacepa, malipiro ace ambiri anali kuthera pa cakudya, ndipo malaya atsopano anali kuiwalika.

Apa mpamene lamulolo linakhudza thumba la amalonda, ndipo linalikhudza pawiri. Munthu wa njala sagula nsaru. Ndiponso maiko olima tirigu wambiri, monga Prussia ndi America, anali kufunsa kuti adzagula bwanji nsaru za ku Manchester pamene England akana tirigu wao. Ndipo anayamba kumanga mafakitale ao-ao ndi kukhometsa msonkho pa katundu wa Angelezi.

Munthu angayese kuti bungwe la amalonda linapfuula msanga. Iai. Akuru amene anali kuliyendetsa anali anthu olemera ndi ocenjera, okonda kukhala pa mtendere ndi nduna za Boma, ndipo madandaulo ao anali aulemu ndi otsitsa mau. Mtsogoleri wao m'caka ca 1838 anali George William Wood, amene analinso m'Nyumba ya Malamulo ku mbali ya cipani colamulira. Caka cimeneco malonda anali atagwa ndipo zokolola zinali zoipa. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko: mamembala wamba anaumiriza akuruwo kuitanitsa msonkhano wa onse, ndipo unacitika m'mwezi wa December.

Akuru anabwera ndi kalata imene anali atalemberatu, yopempha Nyumba ya Malamulo kuti iganizirepo pa nkhani ya tirigu, koma yosanena poyera kuti lamulolo licotsedwe. Pamenepo anaimirira Richard Cobden, mwana wa mlimi wosauka wa ku Sussex, amene anali ndi nchito yodinda maluwa pa nsaru. Cobden anali atayenda ku America, ndipo caka comweco anali atabwera kumene kucokera ku Germany, kumene anaona ndi maso mafakitale atsopano. Iye ndi anzace anakana kalata yofookayo. Eni mafakitale anafotokoza za misika imene kale inali yao koma tsopano inali kutengedwa ndi anthu a maiko ena. Mtsutso unakula kotero kuti msonkhano unaimitsidwa kwa sabata limodzi. Ndipo pa 20 December 1838 mamembala oculuka anabvomera kalata ya Cobden, yopempha kuti lamulo la tirigu licotsedwe lonse.

Kalata imeneyi inali yolemera cifukwa ca dzina limene linali pansi pace. Anthu osauka anali atadandaula za buledi zaka zambiri, ndipo eni minda anali kungoti ndi phokoso la anthu osadziwa kanthu. Koma tsopano odandaula anali anthu olipira misonkho yambiri, olemba anchito zikwi, amene mabuku ao a malonda anali kuonetsa zimene anali kunena.

Cotsatira cace ndico cimene amalonda a m'mizinda yonse ayenera kucidziwa bwino. M'mwezi wa February 1839 Nyumba ya Malamulo inatsegulidwa, ndipo Wood anapatsidwa ulemu wolankhula mau othokoza Mfumukazi Victoria. Pofuna kukondweretsa nduna za cipani cace, iye ananena kuti malonda a dziko anali kubwerera m'malo mwace ndi kuti zinthu zinali kuyenda bwino. Sir Robert Peel, amene pa nthawiyo anali mtsogoleri wa mbali yotsutsa ndi mtetezi wa lamulo la tirigu, anatola mauwo mokondwa: ngati mtsogoleri wa amalonda a ku Manchester yemwe ati malonda ali bwino, nanga lamulo lisinthidwirenji? Ndi mau ocepa Wood anagwetsa nchito ya msonkhano wonse wa December. Mapanga awiri abvumbwitsa. Mamembala sanacedwe, pa msonkhano wao wa pacaka anamcotsa pa mpando, naikapo John Benjamin Smith, mnzace wa Cobden. Anaonetsa kuti wokhala pa mpando wa bungwe lotere anyamula mau a anzace, ndipo alibe ufulu wowasintha panjira.

Ngakhale zinatero, Nyumba ya Malamulo inakana ngakhale kumva umboni wa amalonda. Pamenepo kunaoneka malire a mphamvu ya bungwe la mzinda umodzi. Ilo likhoza kulemba kalata, kutuma nthumwi kwa nduna ndi kusonkhanitsa ziwerengero, koma silingayende m'midzi kuutsa anthu, pakuti m'kati mwace muli anthu a zipani zosiyana amene ayenera kukhalabe pamodzi pa nkhani za njanji, madoko ndi positi. Motero m'mwezi wa March 1839 Cobden ndi anzace anapanga gulu lina la dziko lonse, lochedwa Anti-Corn Law League, lokhala ndi nchito imodzi yokha, ndipo likulu lace linali ku Manchester komweko. Ndarama zace zambiri zinacokera kwa eni mafakitale omwe aja. Linatuma alaliki ace m'mizinda ndi m'misika. Ndipo pamene positi ya kobiri limodzi inayamba m'caka ca 1840, linatumiza timabuku tace m'nyumba za anthu ovota. M'caka ca 1843 linapempha mapaundi 100,000 a nchito yace. Cobden analowa m'Nyumba ya Malamulo m'caka ca 1841, ndipo mnzace John Bright wa ku Rochdale anamtsata m'caka ca 1843. Caka ndi caka Charles Villiers anali kuimirira m'Nyumbamo kupempha kuti lamulolo licotsedwe, caka ndi caka anali kugonja, ndipo caka cotsatira anali kuimiriranso.

Anchito a m'mafakitale sanakhulupirire onse kuti mabwana ao anagwidwa cifundo. Ambiri a iwo, makamaka a gulu lochedwa Chartists limene linali kufuna kuti mwamuna ali yense akhale ndi voti, anali kunena kuti bwana afuna buledi wochipa kuti apeze podulira malipiro, ndipo nthawi zina anali kusokoneza misonkhano ya League. Sanali opusa poganiza cotero. Pamene kunadza lamulo la m'caka ca 1847 lakuti akazi ndi acinyamata asagwire nchito m'fakitale kopitirira maora khumi pa tsiku, Bright yemweyo, bwenzi la buledi wochipa, analitsutsa. Pa nkhani ya tirigu njira ya bwana ndi ya wanchito zinakumana. Pa nkhani ya maora zinapatukana.

Cimene cinatsiriza mlanduwo ndi njala. M'caka ca 1845 matenda anagwira mbatata ya kacewere ku Ireland, kumene anthu osauka analibe cakudya cina. Peel, amene tsopano anali Nduna Yaikuru, anali atayamba kale kugonja mumtima ku zifukwa za Cobden, ndipo anaona kuti sikungatheke kutsekera cakudya kunja pamene anthu ali kufa. M'mwezi wa May 1846 Nyumba ya Malamulo inabvomera kucotsa lamulolo ndi mavoti 327 kwa 229, ndipo nyumba ya mafumu inabvomera m'mwezi wa June. Cipani ca Peel cinang'ambika pakati, ndipo iye anatula udindo patapita masiku ocepa. Kucokera pa msonkhano wa December 1838 panali patapita zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka. Buledi sanachipe tsiku lomwelo. Msonkho unatsika pang'onopang'ono kufikira caka ca 1849, ndipo kutsika kwakukuru kwa mtengo kunadza m'zaka za m'ma 1870, pamene njanji ndi zombo za moto zinayamba kubweretsa tirigu wa m'zigwa za ku America.

Mbiri ya bungweli iri ndi mbali ina imene ikhudza dziko loyandikana ndi migodi ya kuno, tsidya lija la Sakania ndi Mokambo. M'mwezi wa February 1884 Boma la Britain linapangana ndi Portugal kuti Apwitikizi alamulire kumene mtsinje wa Congo uthira m'nyanja. Amalonda a ku Manchester anaopa kuti Apwitikizi adzakhometsa misonkho pa nsaru zao, ndipo anaturutsa zida zomwe zija: misonkhano, makalata, nthumwi kwa nduna, ndi kuitana mabungwe a mizinda ina kuti athandize. Mtsogoleri wa bungwelo pa nthawiyo anali James Hutton, wamalonda wa ku Afrika ca kumadzulo, amene analinso woimira dziko la Belgium mu mzindamo ndi wogwirizana ndi Mfumu Leopold. Pangano lija linafa lisanayambe kugwira nchito, pakuti Germany ndi France nawonso analikana. M'mwezi wa October caka comweco Henry Morton Stanley, amene anali atagwira nchito ya Leopold ku Congo, analankhula kwa amalondawo, nawawerengera mamiliyoni a anthu amene akanagula nsaru za ku Manchester, ndipo anamuombera m'manja kwambiri.

Pa msonkhano wa ku Berlin, umene unatha m'mwezi wa February 1885, maiko a Azungu anagwirizana kuti malonda a m'cigwa ca Congo akhale omasuka kwa onse, ndipo caka comweco dzikolo linakhala m'manja mwa Leopold. Amalonda a ku Manchester anayesa kuti apambana. Koma zisanathe zaka khumi Leopold ananena kuti mpira ndi minyanga ya m'madera ambiri ndi za boma lace, natsekera kunja amalonda ena, ndipo anthu a m'midzi anakakamizidwa kukafuna mpira m'nkhalango ndi cikoti ndi mfuti. Nkhanza zimenezi zitamveka m'maiko, Boma la Belgium linalanda dzikolo m'manja mwa mfumu yace m'caka ca 1908. Pa makalata onse amene bungwe la ku Manchester linatumiza ku London m'caka ca 1884 panali maina a ogulitsa nsaru. Anthu a ku Congo, amene anayenera kuzibvala, sanafunsidwe ndi munthu.