Firiji Ndi Nkhokwe Yofunika Kuyendera

Nyanja ikachita bata ku Nkhata Bay, asodzi amakocheza ndi usipa ndi batala wochuluka, ndipo mtengo umatsika. Banja limene lili ndi firiji limagula nsomba zambiri n'kuziika m'chipinda choundanitsa. Mlungu wotsatira zimabwera zina n'kusanjikidwa pamwamba. Zapansi zija zimaiwalika, ndipo tsiku limene zidzafukulidwe zimakhala zitauma, zitatuwa, kukoma konse kutatha. Motero ndalama zimene bambo ndi mayi anakhetsera thukuta zimathera kudzala.

Vutoli si la kunyanja kokha. Bungwe la United Nations loona zachilengedwe, UNEP, linalengeza mu 2024 kuti m'chaka cha 2022 dziko lapansi linataya chakudya choposa matani 1 biliyoni, ndipo magawo 60 pa 100 alionse anatayidwa m'makomo.

Omvera ayenera kudziwa kuti kuzizira sikupha tizilombo toononga chakudya. Pa madigiri 18 kunsi kwa ziro timangogona, ndipo kukafunda timadzuka. Mafuta a nsomba nawonso amapitirizabe kusintha pang'onopang'ono. N'chifukwa chake nsomba yonona ngati batala iyenera kudyedwa pasanathe miyezi 3. Ikakhala yosakulungidwa bwino, mpweya wozizira umaiyamwa madzi.

Palinso nkhani ya magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka mu 2023. Mabanja ambiri anaona okha kuti chakudza sichiimba ng'oma. Magetsi akazima, firiji youndanitsa yodzaza imasunga kuzizira kwa maola 48, pamene yofika theka imasunga kwa maola 24, malinga ngati chitseko sichikutsegulidwa. Nsomba yosungunuka koma ikadali yozizira iphikidwe kapena kuwambidwa tsiku lomwelo. Imene yafunda ndi kuyamba fungo itayidwe, pakuti moyo ndi wofunika kuposa ndiwo.

Mayi wosamala amatumbula ndi kutsuka nsomba asanaziike m'firiji. Amazigawa m'timapaketi tokwanira mphika umodzi, natulutsamo mpweya, n'kulembapo dzina ndi tsiku. Zatsopano zimapita pansi, zakale zimakwera pamwamba. Pachitseko amamatapo pepala lonena zimene zili m'katimo, ndipo asanapite kumsika amayamba waliwerenga. Kamodzi pa mlungu banja limadya zakale zokhazokha. Mitu ya nsomba imapanga msuzi wabwino wodyera kondowole.

Si zonse zimene zimafuna firiji. Usipa woyanika pathandala, nsomba zowamba ndiponso mfutso wa masamba zimakhala nthawi yaitali popanda magetsi. Makolo ankasuzumira m'nkhokwe kawirikawiri, ndipo sankathira chimanga chatsopano pamwamba pa chakale. Nzeru yomweyo ndi imene ikufunika kwa mwini firiji, kuti chogulidwa chilichonse chifike pambale.