Kudzutsa Chigayo Chakale: Nkhani ya ku Mitundu ndi Nathenje

Omvera amene anakulira m'midzi ya kum'mwera kwa Lilongwe zaka makumi anayi kapena asanu zapitazo sangaiwale kulira kwa chigayo cha injini. Kunja kukangoyera, kugunda kwake kunkamveka mpaka kutsidya kwa dambo, ndipo mayi sankasowa womuuza kuti wachigayo wadzuka. Ankangosenza dengu la mphale, mwana kumsana, ulendo. Masiku ano pa malo a malonda monga Mitundu ndi Nathenje pali zigayo za magetsi, ndipo zambiri mwa zigayo za injini zija zinatsekeredwa m'zisakasa, nkhuku n'kumaikira mazira pansi pake. Nkhani ya lero ikunena za ntchito yodzutsa chigayo chotere, makamaka za chopinga chake chachikulu, chimene si dzimbiri ayi, koma kachitsulo kakang'ono kosowa.

Funso loyamba nlakuti, kodi munthu angavutikirenji ndi makina okalamba pamene atsopano alipo? Amayi ndiwo angayankhe bwino. M'zaka za 2016 ndi 2017 madzi atachepa mu mtsinje wa Shire, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, kotero kuti amayi ankachezera pa chigayo kudikira kuti mwina ayaka pakati pa usiku. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo makina ake sanayendenso mpaka 2023. Ena anabwerera ku mtondo ndi musi. Dizilo nayenso amasowa, monga zinachitikira mu 2011 ndi 2012, komabe m'mudzi umene mawaya a magetsi sanafike, injini ndiyo mfumu. Tsono pamene kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa makina ogula kunja unathawa, ndipo maso a anthu ena anabwerera ku chisakasa chija cha malemu bambo awo.

Injini zambiri za m'zisakasamo zili ndi dzina la Lister. Kampani ya R. A. Lister inayamba mu 1867 m'tauni ya Dursley ku England, ndipo injini zake za dizilo za mtundu wa CS zinapangidwa kwa zaka zoposa makumi asanu mpaka 1987. Yotchuka kwambiri, ya 6/1, ili ndi pisitoni imodzi ndi magudumu awiri olemera, ndipo imazungulira ka 650 kokha pa mphindi, madzi oiziziritsa ali mu mgolo pambali pake. Imeneyi inkayendetsa mipope ya madzi ndi zigayo zazing'ono. Zigayo zazikulu zinkafuna injini za mapisitoni awiri kapena atatu, zozizira ndi mphepo. Chinsinsi cha moyo wautali wa makinawa nchakuti anapangidwa ndi chitsulo chochuluka, amayenda mofatsa, ndiponso chilichonse cha m'kati mwake chimamasuka ndi sipanala.

Mmisiri wodziwa ntchito sayamba ndi nyundo. Amayamba ndi palafini, nsanza ndi kuleza mtima. Pisitoni imene yakhala zaka khumi osayenda imamatirira, ndipo amaithira dizilo pamwamba n'kuisiya masiku angapo, tsiku ndi tsiku akugwedeza gudumu pang'ono pang'ono. Wopupuluma amene amaikhoma ndi chitsulo amaswa chinthu chimene sadzachipezanso. Bawuti iliyonse yomasulidwa imaikidwa m'chitini chakechake, ndipo chiwiya chakutha sichitayidwa, pakuti ndicho chitsanzo chimene chidzayenda naye ulendo wofunafuna china.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Makina akale a ku Britain anapimidwa m'mainchi, pamene zitsulo zambiri za m'masitolo a lero nzopimidwa m'mamilimita. Mu 1841 Joseph Whitworth anakhazikitsa muyeso wa mazinga a mabawuti umene unatenga dzina lake, ndipo mazingawo anapendekeka mosiyana ndi a mabawuti a mamilimita. Bawuti ya Whitworth ya theka la inchi ili ndi mazinga 12 pa inchi, pamene inzake ya ku America, yofanana nayo kukula, ili ndi 13. Pa maso nzamapasa. Nati imalowa bwino kawiri kapena katatu, kenaka imalimba, ndipo mnyamata wamphamvu akaikakamiza ndi paipi, mazinga a m'thupi la injini amaphwanyika. Pamenepo vuto la bawuti imodzi lasanduka vuto la injini yonse. Ngakhale masipanala ake ngachilendo, chifukwa nambala yolembedwa pa sipanala ya Whitworth imanena kukula kwa bawuti, osati kwa mutu wake. Nchifukwa chake bokosi la masipanala a mmisiri wakale wa pa Nathenje, wopuma ntchito ku esiteti ya fodya kapena ku galaja ya boma, ndi chuma chimene ana ake sayenera kugulitsa pa sikelo.

Chigayo chenichenicho, kusiya injini, nchosavuta kuchimvetsa. M'kati mwake muli shafiti imene imazunguza tizitsulo tolendewera totchedwa mahamala, mwina ka 3,000 pa mphindi kapena kuposerapo. Mahamalawo amamenya chimanga mpaka chidutse pa sefa, ndipo mphepo imakankhira ufa kunja. Shafitiyo imagona pa mabeyaring'i awiri. Mabeyaring'i a masiku ano ali ndi manambala odziwika pa dziko lonse: wa 6208, mwa chitsanzo, bowo lake ndi mamilimita 40, pakuti manambala awiri omaliza amachulukitsidwa kasanu. Koma shafiti yakale ya inchi imodzi ndi theka ndi mamilimita 38.1. Mpata wotsalawo sukwana mamilimita awiri, ndipo ambiri amayesedwa kuutseka ndi kachidutswa ka chitini. Chigayo chotero chimagaya sabata imodzi mwamtendere, sabata yachiwiri chimayamba kunjenjemera, ndipo pofika yachitatu shafiti yadyeka, mwina yathyoka. Njira yoyenera ndiyo kupita nayo kwa osema zitsulo, amene amaiwotcherera n'kuisema pa makina otchedwa lathe, kapena kuiveka kachitsulo kozungulira kopimidwa bwino, kufikira beyaring'i yatsopano italowa mothina.

Kotero ulendo wa ku tauni sulephereka. Wa ku Mitundu amatsata msewu wodutsa pa Bunda kukatulukira mu msewu waukulu wa M1, pamene wa ku Nathenje amangokwera basi pa M1 pomwepo, onse zitsulo zili m'thumba la feteleza. Ku Lilongwe amazungulira kwa amakaniko a ku Biwi, kwa owotcherera a ku Mchesi, m'masitolo a m'mbali mwa msewu wa Malangalanga, ndiponso pa milu ya zitsulo zakutha, kumene munthu angapeze pampu ya mafuta yabwinobwino ili pa injini yosweka mutu. Wogula wanzeru sagula ndi maso okha. Amanyamula choyezera, kapena amaika chakale ndi chatsopano pamodzi asanatulutse ndalama.

Thandizo lina lachokera kutali. Amisiri a ku India, makamaka a mumzinda wa Rajkot, anatengera kapangidwe ka injini za CS ndipo akhala akupanga zofanana nazo kwa zaka zambiri, moti maring'i a pisitoni, mavavu ndi magasiketi awo nthawi zambiri amakwana pa Lister weniweni. Koma si zonse zimakwana, ndiponso si zonse zili zolimba mofanana; palinso zina zimene zimafika ndi mchenga wa kosungunulira chitsulo udakali m'kati, ndipo ziyenera kutsukidwa zisanamangidwe.

Pali ntchito imodzi imene singachitike pansi pa mtengo, ngakhale mmisiri akhale waluso chotani. Shafiti yaikulu ya injini, ya kirankishafiti, ikadyeka imanoledwa pa makina apadera a mwala wozungulira, amene amachotsa chitsulo chochepa zedi, kawirikawiri 0.010 ya inchi pa kunola kumodzi, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a milimita. Ikanoledwa imafuna mabeyaring'i othinirapo a muyeso womwewo. Mwini chigayo ayenera kupeza kaye mabeyaring'iwo asanapereke shafiti kwa wonola, popeza chitsulo chikachoka sichibwerera, ndipo alipo amene anasunga shafiti yonyezimira kuseri kwa chitseko chaka chathunthu pofuna mabeyaring'i osapezeka.

Mahamala okha ndiwo sasowa, pakuti amisiri amawadula kuchokera ku masipuling'i akale a malole, chitsulo cholimba chimene sichitha msanga. Hamala ili ndi ngodya zinayi, ndipo imodzi ikafumbutuka amaitembenuza. Chofunika nchakuti mahamala oyang'anizana akhale olemera mofanana, ayesedwe pa sikelo, chifukwa kusiyana pang'ono kumagwedeza chigayo mpaka kung'amba simenti ya pansi. Mahamala a chitsulo chofewa ngotsika mtengo, koma munthu adzifunse kumene chitsulo chodyekacho chimapita. Chimapita mu ufa, ndipo ufawo umapita mu phala la mwana. Nchimodzimodzinso misomali ndi timawaya tobwera ndi chimanga: maginito yochotsedwa mu sipika yakutha, yomangidwa pa khomo lothirira, imazigwira zisanaboole sefa.

Mdani wamkulu wa ntchito yonseyi ndi malonda a zitsulo zakutha. Ogula amayenda m'midzi ndi sikelo, ndipo injini imene inagayira mudzi wonse kwa mbadwo wathunthu imaswedwa ndi nyundo yaikulu n'kugulidwa pa kilogalamu ngati mphika wobooka. Banja losowa ndalama ya feteleza silingadzudzulidwe pogulitsa. Komabe injini imodzi yakufa ikhoza kudzutsa zinzake zitatu, ndipo mwini wake akadayamba wafunsa amisiri a pa Mitundu kapena pa Nathenje, mwina pampu ndi mutu zokha zikadamupatsa ndalama zoposa za sikelo. Achinyamata ophunzira za makina pa sukulu ya ukachenjede ya Bunda, imene ili pafupi ndi Mitundu ndipo kuyambira 2012 ili pansi pa LUANAR, pamodzi ndi a m'sukulu za ntchito zamanja, angachite bwino kukhala pansi ndi amisiri okalambawa n'kulemba miyeso imene ili m'mitu mwawo yokha.

Tsiku loliza injini koyamba, lamba amakhala atamuchotsa. Mmisiri amatulutsa mpweya m'mapaipi a mafuta, amapukusa chogwirira mpaka magudumu atatenga liwiro, kenaka amagwetsa kachitsulo kotsekera mpweya. Utsi wakuda umatuluka kaye, pambuyo pake kugunda kumakhazikika. Injini imasiyidwa iyende yokha kwa kanthawi, dzanja likukhudza mabeyaring'i kuona ngati akutentha. Lamba akabwezedwa, amamutchinga ndi waya kapena matabwa, chifukwa chitenje cha mayi wowerama potola ufa sichichedwa kukodwa. Ndowa yoyamba kugayidwa imakhala ya madeya, kuti atsuke dzimbiri ndi girizi za m'kati, ndipo imeneyo imakatayidwa kudzala. Ndowa yachiwiri ndiyo ya mphale, ndipo mayi wamkulu wa pa mudzipo amatapa ufa pang'ono, kuufikisa pakati pa zala, kuununkhiza, n'kuuza wachigayo ngati sefa yakeyo ili bwino kapena asinthe.