Zimene ndinalankhula kwa amalonda a pa msika wa Chongwe: Ndani ayang'anira oyang'anira?

Sindizakuchedwetsani, makasitomala sadikira.

Mukumbukira usiku uja wa mu July 2017 pamene City Market ya ku Lusaka inapsa. Ambiri a inu muli ndi abale amene anataya salaula ndi kapito yonse m'moto uja. Chaka chomwecho boma la PF linagula magalimoto ozimira moto 42 pa mtengo wa madola 42 miliyoni. Imodzi, miliyoni imodzi! Dziko lonse linakuwa, koma kukuwa kunabwera ndalama zitapita kale.

Manje tiyeni tibwere pano pathu. Ozima moto ali pansi pa khansolo. Khansolo yomweyo ndiyo itenga levy ya pa msika tsiku ndi tsiku, ndipo inu a mashopu mumailipira fire certificate. Iwo amabwera kuzaona ngati muli ndi chozimira moto. Chabwino, ni lamulo. Nanga iwowo awaona ndani? Ndani amakatsegula thanki ya galimoto kuona ngati muli madzi, kapena ngati mafuta alimo? Mudziwa nonse mmene mtsinje wa Chongwe umaphwera ikafika October. Moto ukabuka pano usiku, Lusaka ili pa mtunda wa makilomita opitirira 40. Pofika thandizo la kumeneko tizakhala tikusesa phulusa chabe.

Ku apolisi kuliko kokadandaula, ngakhale ambiri sitidziwa. Constitution ya 2016, pa Article 237, inakhazikitsa Police Public Complaints Commission. Nchito yake ni kulandira madandaulo anu ndi kufufuza ngati apolisi avulaza kapena kupha munthu. Koma ikamaliza imangopereka malangizo kwa ena kuti achitepo kanthu, ndipo mamembala ake amasankhidwa ndi President, amenenso amasankha mkulu wa apolisi. Mbuzi ingakadandaule bwanji kwa msuweni wa fisi?

Pa 23 December 2020 Nsama Nsama ndi Joseph Kaunda anaomberedwa mu Lusaka masana. Bungwe la Human Rights Commission litafufuza linaloza chala apolisi. Apo nkhani inamveka chifukwa makamera analipo. Nanga mayi wa tomato amene amulanda katundu pa msewu, amumvera ndani? Ine mlamu wanga anagona m'selo masiku atatu pa polisi ina chifukwa analibe ya bond, pamene police bond ni yaulere. Sanadandaule kulikonse. Anati transipoti yopita ku Lusaka ikanadya phindu la sabata yonse.

Sindidana ndi apolisi ayi. Ambiri ni ana anu, ndipo amagwira nchito movutikira. Wapolisi woongoka ndiye angapindule koyamba pakakhala woyendera wosaopa bwana.

A UPND ali kotsutsa analira kwambiri pa nkhanizi. Lelo mphamvu ali nazo. Tikuwapempha kuti Commission ija ipatsidwe mano, ikhalenso ndi tsiku lokhala pano pa boma kumva madandaulo. Ozima moto naonso aziyenderedwa chaka chilichonse ndi anthu osalipidwa ndi khansolo, lipoti lake likhomedwe pa geti ya msika, m'Chinyanja ndi m'Chisoli.

Inu a komiti ya msika, musayembekezere ife andale. Lembani kalata kwa khansala wanu, mufunse kuti magalimoto ozimira moto oyenda alipo angati ndipo madzi amatunga kuti. Sungani kope yodinda. Wapolisi akakupemphani ya bond, lembani tsiku, nthawi ndi dzina la pa yunifomu. Amene kulemba kumuvuta, tizakhala pano pa Chiweru m'mawa ndi mapepala.