Kusankha Kompyuta ya Mtengo Wocepa: Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Aphunzitsi ku Chipata

Mwandipempha ine wamng'ono pakati panu kuti ndinenepo za kompyuta imene mphunzitsi wa kumudzi angathe kugula, yojambulira zithunzi za maphunziro ndi kucitirapo maseŵera madzulo. Ciyambire 2015, pamene ana a Grade 9 anayamba kulemba mayeso a Computer Studies, ambiri a ife tiilakalaka.

Tsono nchito ziŵirizi sizifuna makina ofanana. Kujambula mapu a Cigawo ca Kum'maŵa, kapena cithunzi ca mtima wa munthu, kufuna RAM ya 8GB, makamaka 16GB, ndi cosungiramo cochedwa SSD. Mapulogalamu a Inkscape ndi GIMP ngaulere, ndipo safuna intaneti monga Canva. Koma maseŵera atsopano, monga a mpira a EA Sports FC, amene kufikira 2023 anali kuchedwa FIFA, afuna kadi lapadera la zithunzi, ndipo kadilo ndilo likweza mtengo.

Likwezanso njala ya magetsi. Laputopu ya maseŵera ingathe kudya mawati 150 ndi kupitirira, pamene ya mu ofesi ikhuta ndi 65. Mukumbukira cilala ca 2024, pamene madzi anaphwa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lonse ngakhale muno mu Chipata. Nanga mnzathu wa ku Vubwi kapena ku Chadiza, amene adalira sola imodzi pa denga, adzaidyetsa ciani? Pamenepa ine ndiona kuti kutenga ngongole yodula pa malipiro cifukwa ca mpira wa pa galasi sikuyenera munthu wa banja.

Gulani laputopu imene inagwirapo nchito mu ofesi, monga Lenovo ThinkPad, Dell Latitude kapena HP EliteBook. Nzolimba, ndipo amisiri azidziŵa. Penyani nambala ya purosesa yace. Ikalembedwa i5-8250U, ndiyo ya mbadwo wa 8, tengani. Ikalembedwa i5-6300U, isiyeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo, pakuti Microsoft inaleka kusamala Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 siinapangidwire makina a mbadwo wakale wotere. Maseŵera a zaka zapitazo ayenda ndithu pa laputopu yotereyi, kungoti osati mokongola kwambiri.

Musanapereke ndalama, zulani cingwe ku khoma, muone m'mene batire itsikira pa theka la ola. Tsegulani tsamba loyera, mufune madontho ndi mizere. Pendeketsani galasi pang'ono: mitundu ikasandulika, silidzakuuzani zoona pojambula, ndipo nyanja imene munaipaka bwino idzaturuka yina pa pepala. Funsani galasi la IPS. Pomariza pemphani lisiti lolembedwa nambala ya makinawo, pakuti si laputopu zonse za pa msika zinafika ndi njira yoongoka.