Anthu a m'Makomboni Afuna Madzi Coyamba

M'caka ca 1974 Boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni. Pokonza George, Chawama ndi Chaisa mu Lusaka, akatswiri sanalembe misewu ali m'maofesi ai. Eni malo anayenda nao, nawasonyeza podzera msewu. Nyumba zina zinagwetsedwa ndithu, koma atakambirana.

Zimene anthu apempha sizinasinthe: madzi abwino, ngalande, zimbudzi. Kolera wa 2017 ndi 2018 anasautsa Kanyama cifukwa zitsime zosazama zinayandikana ndi zimbudzi.

Nanunso a kumidzi, ndalama za CDF zinakwera kufika K25.7 miliyoni mu 2022. Pitani ku komiti ya citukuko ya wadi yanu, mukanene za mjigo ndi mlatho ena asanasankhe kumanga holo.