Bondo Limadya Poyenda



Tsiku limene kwanu adzapha mbuzi kapena nkhuku, mupemphe amai akupatseni pfupa limodzi la mwendo lisanalowe mumphika. Muliyang'anitsitse kunsonga, kumene linali kukumana ndi pfupa linzake. Mudzaonako kanthu koyera, kosalala ndi konyezimira ngati mkati mwa cigoba ca nkhono. Mukakadina ndi cikhadabo kamalowa pang'ono, ndipo mukacotsa cikhadaboco kamabwerera m'malo mwake. Ambiri a inu mumakonda kukakukuta nyama ikatha m'mbale. Dzina lake ndi cicerewecerewe. Lero tikamba za cicerewecerewe ca m'bondo la munthu, popeza kawiri-kawiri ndico cimene cimasiyanitsa inu, amene mumathamanga pobwera kusukulu, ndi agogo anu amene amayamba abuula asananyamuke pamphasa.

Gwirani bondo lanu. M'menemo mumakumana mafupa atatu: pfupa la nchafu locokera kumwamba, pfupa la msongolo locokera pansi, ndi kafupa kobulungira kamene mukukakhudza kutsogoloko. Pamene mafupawa amakhudzana pakutidwa ndi cicerewecerewe cocindikala mamilimita 2 kufikira 4. Kuseri kwa kafupa kobulungira kokha ndiko cimafika mamilimita 6 kapena 7, ndipo palibe mfundo ina m'thupi imene cimacindikala kuposa pamenepo. Yang'anani pa rula wanu muone kucepa kwake. Pakati pa mafupa awiri akuluwo pali timitsamiro tiwiri tooneka ngati nkhata yodulidwa pakati, ndipo nchito yake ndi ya nkhata yomwe: monga nkhata igawa kulemera kwa mtsuko pamutu ponse, timitsamiro timeneti timagawa kulemera kwa thupi pabondo ponse. Zingwe zolimba zinai zimamanga mafupawo monga luzi limanga phaso, ziwiri m'mbali ndi ziwiri zopingasana mkati. Mfundo yonseyo yazingidwa ndi kathumba momwe muli madzi onanda ngati therere, osadzaza ngakhale supuni ya tiyi.

Tsopano imvani codabwitsa. Mukadziceka pacala mwazi umatuluka, ndipo pakapita mlungu umodzi bala lapola. Pfupa likathyoka limalumikizika pa miyezi yowerengeka. Zimatero cifukwa mwazi umapita nazo pamalopo zakudya ndi zomangira. Koma m'cicerewecerewe ca m'bondo mulibe mtsempha wa mwazi ngakhale umodzi, ndiponso mulibe mitsempha yomvera ululu. M'caka ca 1743 William Hunter, dokotala wa ku Scotland amene anali kugwira nchito ku London, analemba kuti cicerewecerewe cikaonongeka sicibwereranso. Papita zaka zoposa 280. Madokotala aphunzira kuika zigamba pa timabala ting'ono-ting'ono, koma mankhwala omeretsa cicerewecerewe cimene catha bondo lonse sanapezeke kufikira lero.

Nanga cinthu camoyo copanda mwazi cimadya bwanji? Pakuti camoyo ndithu. Mkati mwake muli tizigawo tamoyo tochedwa maselo, towerengeka ndi totalikirana, timene nchito yake ndi kukonza pamene pafumbutuka. Yankho la funso limeneli linacokera kwa anthu a phunziro lochedwa biomechanics, ndiko kuyesa thupi la camoyo ndi masamu ndi miyeso yomwe amisiri amayesera milatho ndi makina.

Iwo anapeza kuti mwa magawo 100 a cicerewecerewe, magawo 70 kufikira 80 ndi madzi. Otsalawo ndi ulusi wolimba wochedwa kolajeni, wolukana ngati ukonde wa asodzi, ndi tinthu tina togwidwa muukondewo timene timakoka madzi monga mcere ukoka cinyezi nthawi ya dzinja. Tinthuto timafuna kufufuma, ukonde umatikaniza, motero cicerewecerewe cimakhala cokungika ngati mpira wopopedwa bwino. M'caka ca 1959 Charles McCutchen, ali ku Cambridge, anafotokoza kuti cicerewecerewe cikapanikizidwa cimatulutsa timadzi pamwamba pake monga thukuta, ndi kuti timadzito timathandiza mafupa kuterera. M'caka ca 1980 Van Mow ndi anzake ku America analemba masamu oonetsa mmene madziwo amayendera m'kati mwa ukonde uja. Timabowo ta ukondewo n'tating'ono kwambiri, kotero kuti madzi sangathawe msanga. Miyeso ya pambuyo pake inaonetsa kuti pa mphindi imene mwaponda pansi, magawo oposa 90 mwa 100 a katundu amasenzedwa ndi madzi otsekeredwawo, ndipo ulusi umangosenza kotsalako. Kunena zoona, munthu amayenda pamadzi. N'cifukwa cake mafupa a m'bondo labwino amatererana mofewa kuposa makina ambiri othiridwa mafuta amene anthu anapanga.

Aphunzitsi, izi ana angazione ndi maso ao. Tengani cinkhupule ndi mbale ya madzi momwe mwadonthezera inki. Ikani cinkhupule conyowa m'mbalemo ndi kucisiya: mkati mwake mudzakhalabe moyera kwa nthawi. Tsono mwana mmodzi acifinye ndi kucileka, acifinyenso ndi kucilekanso. Posacedwa inki yalowa paliponse. Cicerewecerewe cimadya motero. Mukaponda pansi madzi akale amafinyika ndi kutuluka pamodzi ndi zonyansa. Mukanyamula phazi cimayamwa madzi a therere aja, amene ali ndi zakudya zocokera m'mwazi wa m'kathumba. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Felix Eckstein ndi anzake ku Munich, m'dziko la Germany, anajambula maondo a anthu amoyo ndi makina a MRI, amene amaona mkati mwa thupi popanda kuling'amba. Munthu akanjuta ndi kuimirira ka 50, cicerewecerewe ca kuseri kwa kafupa kobulungira cinali kuphwa pafupi-fupi magawo 6 mwa 100, ndipo atapumula ngati ola limodzi ndi theka cinali kubwerera mwakale.

Anthu ambiri amaganiza kuti bondo lili ngati tayala la njinga, loti mukalikwera kwambiri limatha, mukaliimika m'nyumba limasungika. Ganizo limenelo n'lolakwa, ndipo lapweteketsa okalamba ambiri. Tayala silidya; bondo limadya. Mwa anthu amene anafa miyendo atabvulala msana, madokotala anaona cicerewecerewe ca m'maondo cikupyapyala, ngakhale kuti sicinali kusenza kanthu. Ku Toronto, m'dziko la Canada, dokotala Robert Salter anayesa akalulu m'zaka za m'ma 1970, napeza kuti bondo lobvulala limene linali kupindidwa ndi kuongoledwa pang'ono-pang'ono linali kupola bwino kuposa limene linamangidwa kuti lisagwedezeke.

Komatu katundu wa bondo si wocepa. J. B. Morrison wa ku Glasgow anawerengera m'caka ca 1970 kuti poyenda bondo limasenza kuwirikiza kawiri kufikira kanai kulemera kwa thupi. Kuyambira 2004, madokotala a ku California, ndipo pambuyo pake a ku Berlin, anaika timiyeso m'maondo acitsulo amene anabveka odwala, ndipo timiyesoto tinali kutumiza manambala munthuyo akuyenda. Anapeza kuti poyenda pamalo athyathyathya katundu amakhala ngati kuwirikiza kawiri ndi theka, ndipo potsika masitepe ngati katatu ndi theka. Mwina mufunsa kuti kulemera koonjezerako kucokera kuti. Kucokera ku minofu ya mwendo, imene imakoka mafupa mwamphamvu kuti bondo lisakhwinyate, ndipo pokoka imawapanikiza pamodzi.

Nayi samu yoti muilembe pabolodi. Mwana wolemera makilogramu 30 akamayenda, bondo lake limasenza 30 kucurukitsa ndi 2.5, ndiwo makilogramu 75. Mwana yemweyo akasenza cigubu ca madzi ca malita 20, kulemera kwake kwakhala 50, ndipo bondo likusenza ngati makilogramu 125 pa phazi lililonse, kucokera kucitsime kufikira kunyumba. Miyeso ija inatengedwa pa akulu, motero samu yathu ndi yongoyerekeza; koma yakwanira kutionetsa cifukwa cake kuli bwino mwana wamng'ono apite kawiri ndi cigubu cocepa.

Cicerewecerewe cimakonda katundu wacikati-kati, wobwera ndi kucoka, wogawika ponse-ponse. Katundu akacuruka kopitirira, kapena akaunjikana pamalo amodzi, ukonde uja umayamba kuduka, madzi amathawa msanga, ndipo maselo owerengeka aja amalephera kukonza. Pamwamba pamene panali posalala pamakhakhala, kenaka pamang'ambika, ndipo potsiriza pfupa limakhulana ndi pfupa. Ululu umene munthu amamva sucokera m'cicerewecerewe ai, koma m'pfupa la pansi pake ndi m'kathumba kotupa. Ndico cifukwa nthendayi imayenda mwakacetecete zaka zambiri mwini wake asanadziwe. M'cinenero cathu timangoti nyamakazi, dzina limene timachulira nthenda zambiri za m'mafupa, koma iyi madokotala amaicha osteoarthritis. Bondo limauma m'mawa kwa mphindi zosapitirira 30, limalira popinda, ndipo limawawa potsika phiri kapena ponyamuka pansi. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linawerengera kuti m'caka ca 2019 anthu 528 miliyoni anali ndi nthendayi, ndipo mwa iwo 365 miliyoni inawagwira m'maondo. Mwa odwala khumi, asanu ndi mmodzi ndi akazi.

Ukalamba uli ndi mbali yake, ndipo mtundu wa makolo ulinso ndi yake, koma zina zili m'manja mwathu. Kunenepa kopitirira ndi cimodzi. Stephen Messier wa ku North Carolina anaonetsa m'caka ca 2005 kuti munthu wonenepa akacepetsa kilogramu imodzi, bondo lake limapepukidwa ngati makilogramu anai pa phazi lililonse. Nchito yogwada ndi kunjuta tsiku lonse uku ukunyamula zolemera ndi cina. Kellgren ndi Lawrence anaiona nthendayi yocuruka mwa anthu a m'migodi ya malasha ku England m'caka ca 1952. Matewe naonso amaunjika katundu mbali imodzi ya bondo, ndipo mbali imeneyo ndiyo imayamba kutha.

Koma cimene cikukhudza inu ana a sukulu koposa zonse ndi kubvulala pamasewera. Mnyamata wathamangira mpira, phazi lalowa m'dzenje, thupi lapotoka, bondo lamveka kuti thaphu, ndipo madzulo latupa. Pamenepo mwina caduka cingwe copingasa, kapena yang'ambika nkhata ija. Pakapita milungu kutupa kumaphwa, mnyamatayo amabwerera m'bwalo, ndipo onse amaiwala. Bondo lokha siliiwala. Cingwe cikaduka mafupa amasewera, ndipo katundu amagwera pamalo amene sanazolowere kusenza. Stefan Lohmander ndi anzake a ku Lund, m'dziko la Sweden, atasonkhanitsa zopeza za madokotala ambiri, analemba m'caka ca 2007 kuti pafupi-fupi theka la anthu obvulala motero amakhala ndi nyamakazi ya m'bondo patapita zaka 10 kufikira 20. Wobvulala ali ndi zaka 14 angayambe kutsimphina ali ndi zaka 30, pamene ana ake akumuyembekezera kuti awalimire. Motero inu aphunzitsi oyang'anira masewera, yendani m'bwalo ndi ana musanayambe mpira, mukwirire maenje ndi kuzula zitsa. Mwana amene bondo lake latupa atagwa asabwerere m'bwalo tsiku lomwelo ngakhale alire cotani, ngakhale akhale wogoletsa zigoli wa sukulu yonse. Apite kucipatala akamuone. Ndipo mwana amene bondo latupa ndi kutentha, thupi lonse likutentha, osafuna kuponda pansi, ameneyo si wa nyamakazi: mwina m'mfundo mwalowa tizirombo timene tingadye cicerewecerewe pa masiku owerengeka. Ameneyo apite naye kucipatala tsiku lomwelo.

Tibwerere kwa agogo amene tinawasiya pamphasa. Maondo ao akamawawa, cifundo cimatiuza kuti tiwakhazike pansi ndi kuwacitira zonse. Cifundo cotero cimawalanda miyendo. Akakhala miyezi osayenda minofu ya nchafu imafota, bondo limagwedera, ndipo cicerewecerewe cotsalaco cimasowa cakudya. Madokotala lero amaika kulimbitsa thupi patsogolo pa mankhwala onse a nthendayi. Kutemera mphini pabondo sikufika kumene kuli bvuto, ndipo lumo losaphika lingalowetse nthenda ina. Bondo limene latheratu angalibveke cacitsulo m'zipatala zazikulu, koma nchito imeneyo ndi ya ndalama zambiri ndipo ambiri saifikira.

Nayi nchito ya kunyumba. Muwapezere agogo mpando wokwera bwino, pakuti kunyamuka pansi peni-peni ndiko kumapanikiza bondo koposa. Atakhala pampandopo aongole mwendo umodzi, augwire m'mwamba inu mukuwerenga kufikira 5, autsitse pang'ono-pang'ono, acite tero ka 10, ndipo asinthe mwendo. Madzulo dzuwa litapepa muyende nao kufikira kumunda wa pafupi kapena kwa mnansi, mtunda umene angathe, ndipo ululu ukakula apumule. Ngati ali ndi ndodo, muone dzanja limene aigwirira. Ambiri amaigwira mbali ya bondo lowawa. Muwauze mwaulemu aigwire m'dzanja la mbali ina, ndipo ndodo ndi mwendo wodwalawo zizitsika pansi pamodzi. Mlungu wa mawa mudzauze aphunzitsi anu kuti agogo anafika pati.