Mlandu wa munda ukakugwani koma ndalama mulibe

Mafumu, amayi ndi abambo a kuno ku Domwe, ambiri a inu akagonja pa mlandu wa munda kubwalo la milandu la ku Ulongwe amangobwerera kumudzi, poganiza kuti apilo ndi ya anthu olemera. Sizili choncho. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique a 2004, mu ndime 62, amapatsa nzika iliyonse ufulu wofika kubwalo la milandu, ndi thandizo kwa wosowa ndalama.

Choyamba, musachedwe. Masiku ochitira apilo, imene pa Chipwitikizi amati recurso, ndi owerengeka, ndipo amayamba kuwerengedwa mukangodziwitsidwa chigamulo. Masikuwo akatha, chigamulo chimakhazikika.

Chachiwiri, katengeni kuboma kalata yotsimikiza umphawi wanu, yotchedwa atestado de pobreza. Pitani nayo ku IPAJ, bungwe la boma lokhazikitsidwa mu 1994 kuti liziimirira osauka kwaulere. Iwo adzakulemberani apilo pamodzi ndi pempho loti musalipire ndalama za kubwalo. Zonsezi zimaperekedwa ku Ulongwe komwe mlandu unaweruzidwa, kenaka zimapita kubwalo lalikulu la ku Tete.

Musaope chifukwa munda wanu ulibe pepala. Lamulo la Malo la 1997 linavomereza malo olandira mwa mwambo, ndiponso umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe. Ngati oweruza sanaulabadire umboni wotere, nenani zimenezo mu apilo yanu.

Chigamulo chikangofika m'manja mwanu, mawa lake lawirirani ku Ulongwe.